Mauvuni a buledi m'malinga a asilikali a Chiroma

M'tauni yaing'ono ya Caerleon, m'mbali mwa mtsinje wa Usk ku Wales, muli mabwinja a linga lomwe Aroma anamanga cha m'ma 75 AD. Linali likulu la gulu la nkhondo lotchedwa Legio II Augusta, la asilikali pafupifupi 5,000, ndipo linatenga malo okwana mahekitala 20. Alendo ambiri amathamangira kukaona bwalo la masewera ndi nyumba zosambiramo, poti ndizo zokopa maso. Koma pangodya ina ya lingali, pamalo otchedwa Prysg Field, pomwe katswiri wofukula zinthu zakale V. E. Nash-Williams anakumba kuyambira 1927 mpaka 1929, pali miyala yoyalidwa mozungulira kunsi kwa mpanda. Amenewa ndi maziko a mauvuni omwe asilikaliwo ankaphikiramo buledi.

Kamangidwe kake kanali kosavuta. Pansi ankayala miyala yaphanthiphanthi kapena matailosi, pamwamba n'kuumba denga lokhota la dothi ndi miyala, kusiya kakhomo kamodzi kutsogolo. Wophika ankasonkha moto m'kati mwenimwenimo mpaka makoma atatentha kwambiri. Akatero ankapala makala ndi phulusa kuzitulutsa kunja, n'kulowetsa mibulu ya buledi, n'kutseka pakhomo. Chomwe chinkapsetsa bulediyo si malawi ayi, koma kutentha komwe dothi ndi miyala zasunga. Aliyense amene anaonapo ophika masikono ku Zomba, kaya ku Mulunguzi kaya ku Chinamwali, akupala makala mu uvuni wa njerwa asanalowetse malata a masikono, sangaone chachilendo pamenepa.

Denga ndilo limayamba kugwa, n'chifukwa chake ofukula amangopeza pansi pokha, pofiira ndi posweka ndi moto, komanso mulu wa phulusa kutsogolo kwake. Nthawi zambiri amapeza uvuni wina utamangidwa pamwamba pa unzake wakale, umboni woti malowo ankaphikirapo zaka zambirimbiri. Dothi lopsalo limathandizanso kudziwa nthawi, pakuti likamazizira limasunga mbali yomwe maginito a dziko ankaloza pa nthawiyo, ndipo akatswiri akaliyeza amatha kuyerekeza zaka zomwe moto womaliza unayaka.

Mauvuniwa sankamangidwa paliponse. M'malinga ambiri a Aroma amapezeka kuseri kwa mpanda, atalowa pang'ono m'chiunda cha dothi chomwe chinkachirikiza mpandawo. Pakati pa mauvuni ndi nyumba zogona pankadutsa msewu wozungulira linga lonse. Chifukwa chake chinali moto. Nyumba zoyamba za ku Caerleon zinali zamatabwa, ndipo zinadzamangidwanso ndi miyala patapita zaka. Pamalo pomwe anthu zikwizikwi akugona mothithikana chotero, mbaliwali imodzi ikanatha kupsereza msasa wonse. Chiunda chija chinkatchinganso mphepo ndi kusunga kutentha.

Chachikulu chomwe mabwinjawa amaonetsa ndi kadyedwe ka asilikaliwo. Linga lalikulu chotere linalibe chipinda chimodzi chodyeramo anthu onse. Msilikali ankalandira tirigu wosagaya, ndipo mtengo wake unkadulidwa pa malipiro ake. Polybius, wolemba mbiri wa Chigiriki, anasimba za muyeso wa pamwezi womwe masiku ano ungakhale makilogalamu oposa 25 pa munthu mmodzi. Amuna asanu ndi atatu ogona chipinda chimodzi ankadyera limodzi, ndipo ankapera okha tirigu wawo pa mphero yozunguza ndi dzanja. Mphero zambiri zopezeka ku Britain zinasemedwa ku miyala ya m'dera la Mayen ku Germany, kutali ndithu. Timagulu khumi ta amuna asanu ndi atatu tinkapanga gulu la anthu 80 lolamulidwa ndi kenturiyo, udindo womwe owerenga Baibulo amaudziwa bwino, ndipo zikuoneka kuti gulu lililonse lotere linali ndi pophikira pake.

Umboni wina ndi kachidindo ka mtovu komwe kanapezeka ku Caerleon komweko, kolembedwa dzina la kenturiyo Quintinius Aquila. Akatswiri amati kankadindidwa pa buledi asanalowe mu uvuni, kuti potulutsa pasakhale kulimbirana. Anthu anjala, otopa ndi perete ndi ntchito yomanga misewu, sakanachedwa kugwirana pakhosi chifukwa cha mbulu umodzi.

Tirigu anali ndi ulemu wake. Gulu lomwe lachita mantha pankhondo linkapatsidwa balere m'malo mwa tirigu ngati chilango, ndipo wolemba mbiri Suetonius analemba kuti mfumu Augustus anachitapo zimenezi. Mfumu Caracalla, pofuna kukondedwa ndi asilikali, akuti ankadziperera tirigu ndi kudziphikira buledi yekha. Pa ulendo asilikali ankanyamula buledi wouma gwa, wosachedwa kuwonongeka.

Uvuni sungayake popanda nkhokwe. Linga lililonse linali ndi nkhokwe zazitali zokhala ndi pansi pokwezeka kuti mpweya uzidutsa kunsi, ndipo wolemba mbiri Tacitus akunena kuti malinga a mtsogoleri wa asilikali Agricola ku Britain ankasunga chakudya cha chaka chathunthu. Ngakhale zinali choncho, tizilombo sitinkaopa Aroma. Ku Coney Street mumzinda wa York, komwenso kunali linga lalikulu, ofukula anapeza zotsalira za anankafumbwe ndi tizilombo tina tochuluka zedi pamalo pomwe panali nyumba yosungiramo tirigu. Buledi weniweniyo sapezeka kawirikawiri. Wodziwika kwambiri ndi wa ku Pompeii ku Italy, komwe mibulu 81 inapezeka itasanduka makala mu uvuni umodzi, mzindawo utakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius mu 79 AD.

Zomba nayo ndi tauni ya asilikali kuyambira kale. Gulu la King's African Rifles, lomwe linakhazikitsidwa mu 1902, linali ndi msasa wake kuno, ndipo Cobbe Barracks ilipobe. Malinga a atsamunda a m'zaka za m'ma 1890, monga Fort Lister pafupi ndi phiri la Mulanje ndi Fort Mangochi, adakali ndi zipupa zooneka. Koma wofuna kudziwa kadyedwe ka asilikali achikuda a nthawi imeneyo pofukula pansi ali ndi ntchito yovuta kuposa mnzake wa ku Caerleon. Chakudya chawo chenicheni chinali nsima, ndipo nsima siifuna uvuni. Mafuwa atatu amasunthidwa mosavuta, mtondo ndi musi zimadyedwa ndi chiswe, ndipo chotsala m'nthaka chimangokhala phulusa, mapale ndi mafupa a ndiwo.