Nthochi ku England: yankho lili m'madzi a m'nyanja

Pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti ndinakacheza kwa achemwali anga amene amagwira ntchito ya unamwino ku Plymouth, ku England. Loweruka lina m'mawa anangoti, "Achimwene, konzekani, tikaone nthochi." Ine ndinaseka. Nthochi m'dziko lozizira ngati limeneli? Komabe tinakwera sitima mpaka ku St Austell, m'dera la Cornwall, kenaka basi yotifikitsa ku munda wotchedwa Lost Gardens of Heligan.

Nthochizo ndinazionadi ndi maso angawa. Zinali m'kachigwa konyowa, pamodzi ndi nsungwi zitalizitali, mitengo ya tree fern yochokera ku Australia, ndi chomera china cha ku South America chotchedwa gunnera, chimene tsamba lake limodzi lingathe kufunditsa anthu angapo pa mvula. Kunena zoona, nthochi zake ndi za mtundu wopirirako kuzizira, zongokongoletsa, osati zoti mungadule mkoko n'kudya. Koma funso linandigwirabe: zomera zosalimba chonchi zimadutsa bwanji nyengo yozizira?

Taonani pa mapu. Cornwall ili pa madigiri 50 kumpoto kwa Equator, mzere umodzi ndi mzinda wa Winnipeg ku Canada. Ku Winnipeg, mu Januwale kumazizira mpaka cha m'ma −16°C tikatenga avereji. M'mbali mwa nyanja ku Cornwall, mwezi womwewo avereji imakhala cha m'ma 6°C kapena 7°C. Dzuwa limafika mopendekeka chimodzimodzi malo awiri onsewa, koma kusiyana kwake kumaposa madigiri 20.

Madzi sapsa msanga, sazizira msanga

Amene munapitapo ku Senga Bay mukudziwa: masana mchenga umawotcha kuphazi mpaka kuthamanga, koma madzi ali ziziziri. Usiku zimatembenuka, mchenga wazizira pomwe madzi akadali ofunda. Chifukwa chake ndi chija timalemba pa bolodi, specific heat capacity. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi pamafunika ma joule pafupifupi 4,200. Mchenga wouma umangofuna pafupifupi 800. Madzi ali ngati nkhokwe yaikulu: amachedwa kudzaza, amachedwanso kutha.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kiyubiki mita imodzi ya madzi imalemera makilogalamu 1,000. Ikazizira ndi digiri imodzi yokha imatulutsa ma joule 4,200,000. Kiyubiki mita imodzi ya mpweya imafuna ma joule pafupifupi 1,200 kuti itenthe ndi digiri imodzi. Gawani, mupeza 3,500. Ndiye kuti madzi odzaza thanki imodzi ya malita 1,000 angathe kufunditsa mpweya wa m'makalasi pafupifupi 20 ngati athuwa. Tsono ganizirani nyanja yonse ya Atlantic.

Cornwall ndi dera lowonda lolowa m'nyanja, madzi kumpoto, kumwera ndi kumadzulo. Nyanja imasunga kutentha kwa m'chilimwe n'kumakutulutsa pang'onopang'ono nyengo yozizira. Kuwonjezera apo, madzi ofunda amayenda kuchokera cha ku Gulf of Mexico kudzera mu Gulf Stream ndi North Atlantic Drift. Koma madzi okha sakanakwanitsa. Mphepo ya kumeneko kawirikawiri imachokera kum'mwera chakumadzulo, ndiye imadutsa pamwamba pa nyanja, kutenga kutenthako, n'kukakutula kumtunda. Winnipeg ili pakati pa dziko louma, kutali ndi nkhokwe yotereyi.

Mpweya wozizira umatsetsereka

Tsiku lotsatira tinapita ku Trebah, pafupi ndi Falmouth. Mundawu unayambidwa ndi Charles Fox m'zaka za m'ma 1830, ndipo uli m'chigwa chotsetsereka kuchokera pa nyumba yaikulu mpaka pa gombe la mtsinje wa Helford. Pobwerera kumtunda ndinachita befu, achemwali akundiseka. Koma kutsetserekako ndiye chitetezo cha mundawo.

Mpweya ukazizira umalemera kuposa wofunda, choncho usiku umayenderera kunsi ngati madzi. N'chifukwa chake mu Juni ndi Julaye chisanu chimawaula mbewu za m'dimba la kudambo pomwe za kumtunda zili bwinobwino. Kudambo mpweya wozizira umadikha. M'chigwa chotseguka ngati cha Trebah umapeza njira yotulukira kumadzi. Komanso m'mbali mwa chigwacho anadzalamo mitengo ikuluikulu yotchinga mphepo yamphamvu ya kunyanja.

Vuto la chisanu ndi lotani kwenikweni? Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, ndipo timiyala ta ayezi timawononga maselo a chomera. Usiku umodzi wokha ungathe kupha mtengo umene anthu ausamala zaka 50. Zinachitikapo: mu Januwale 1987 kuzizira koopsa kunawononga zomera zambirimbiri ku Tresco Abbey Garden, pa zilumba za Scilly, kumene nthawi zambiri chisanu sichifika. Mwa ichi olima sadalira nyanja yokha. Nyengo yozizira ikayandikira amadula masamba a gunnera n'kuvindikira nawo pa tsinde, ngati bulangete lotsekera mpweya wofunda.

Chinanazi cha ndowe za mahatchi

Chimene chinandisangalatsa koposa n'chakuti ku Heligan amalimanso zinanazi. Pamenepa nyanja siingathandize, chinanazi chimafuna kutentha kwenikweni. Olima akale anamanga dzenje la njerwa lovindikira ndi magalasi, ndipo m'mbali mwake amathiramo ndowe za mahatchi zosakaniza ndi udzu. Tizilombo towoletsa manyowa timatulutsa kutentha, kutenthako kumalowa m'dzenjemo kudzera m'mipata ya khoma, ndipo magalasi amatsekera mpweya wofunda kuti usathawe. Pisani dzanja pakati pa mulu wa kompositi kwanuko, mumva zomwezo. Munda umenewu unasanduka tchire itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene inapha ena mwa olima ake, ndipo ntchito youkonzanso inayamba mu 1990. Ndinaima pamenepo n'kumaganiza za mulu wa zinanazi wa m'mbali mwa msewu ku Mulanje.

Yesani nokha

Tengani makapu awiri ofanana. M'kapu ina thirani magalamu 200 a madzi, ina magalamu 200 a mchenga wouma. Aikeni padzuwa kwa ola limodzi, mukuyeza ndi thermometer mphindi 10 zilizonse. Kenaka alowetseni pa mthunzi n'kupitiriza kuyeza kwa ola lina. Jambulani ma graph awiriwo pa pepala limodzi, ndipo Lolemba mubwere nawo m'kalasi mudzandiuze kuti Cornwall ndi mzere uti, Winnipeg ndi uti.