Cifukwa Cace Mau a pa Wailesi Amazilala

Munthu akaweruka ku mgodi natsegula wailesi yace madzulo, nthawi zina amangomva phokoso, kapena mau a woulutsa aduka pakati pa nkhani. Ambiri amaimenya ndi cikhatho nati, "Batire yatha." Koma kawiri-kawiri colakwa siciri m'nyumba mwao ai, ciri kumene mauwo acokera.

Mau asanafike kwa womvera apyola m'manja mwa anthu angapo. Woulutsa alankhula pa maikolofoni. Kuseri kwa galasi kukhala mmisiri woyang'ana kasingano koonetsa mphamvu ya mau: akawakweza koposa, mau asasa, akawatsitsa koposa, amira m'phokoso. Pocoka apo mau apita ku makina akuru owaponya mumlengalenga, ndipo kumeneko kuli mmisiri wina wocotsa pfumbi, woona kuti makina asatenthe, ndi wosintha zitsulo zisanapse. Mmodzi wa amenewa akaphonya, dziko lonse limva.

Boma linayamba kuulutsa mau ku Lusaka mu 1941. Mu 1949 kunafika wailesi yochipa ija, Saucepan Special, ya mtengo wa £5, ndipo anthu a m'makomboni ndi a m'midzi anayamba kumvera. Masiku amenewo Alick Nkhata ndi anzace anali kuyenda m'midzi kujambula nyimbo. Makina anali ocepa ndi olemera, tsono wowagwira anayenera kuwadziwa monga adziwa njira ya kwao.

Nanga luso lotere limatha bwanji? Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa m'Zambia, ndipo zitsulo za makina, zogulidwa kutsidya la nyanja, zinabvuta kupeza. Pambuyo pace kunatsegulidwa nyumba za wailesi zosakhala za Boma, monga Radio Phoenix mu 1996, motero wodziwa nchito anakhala ndi kwina kopita. Kompyuta nayo yapepuza nchito, kotero kuti munthu mmodzi akhoza kulankhula ndi kuyendetsa makina yekha. Koma ikafa pakati pa nkhani, pafunika wodziwa za m'kati mwace.

Anthu a ku migodi adziwa kuti cikepe cotsitsa anthu pansi sacipereka kwa mnyamata wolembedwa dzulo. Ayamba wakhala pambali pa mkuru mpaka khutu lace lizindikira kulira kwa injini yodwala. Ku wailesi ncimodzimodzi. Makina atsopano agulika tsiku limodzi, koma mmisiri aleredwa zaka zambiri, ndipo mkuru akapuma nchito wosasiya wophunzira, nzeru zace zipita naye. Mau a akuru akoma akagonera.

Wopwetekedwa ndiye mlimi wa ku Lundazi kapena ku Chama, amene nyuzipepala simfika msanga. Iye adikira wailesi kuti imuuze za mvula, za matenda a ng'ombe, ndi za maliro a mbale wace wa ku Kitwe. Mau akaduka, uthengawo wampitirira.