Mkangano wa Akatswiri pa Dzina la Populism

Mu Malichi 2014, usiku wa chisankho cha makhansala mumzinda wa The Hague ku Netherlands, wandale Geert Wilders anafunsa omutsatira ngati akufuna kuti anthu ochokera ku Morocco achuluke kapena achepe. Khamulo linakuwa mobwerezabwereza kuti achepe, iye n'kulonjeza kuti aikonza nkhaniyo. Khoti linamupeza wolakwa mu 2016 kaamba ka mawuwo, komabe pa chisankho cha 2023 chipani chake cha PVV chinaposa zonse, ndi mipando 37 mwa 150.

Manyuzipepala amati ndale za Wilders ndi za populism, monganso amanenera za Marine Le Pen ku France ndi chipani cha AfD ku Germany. Koma akatswiri a maphunziro a ndale sakumvana ngati dzinali likuthandiza kumvetsa zipani za far right, zomwe zimadana ndi obwera.

Ambiri amayambira pa Cas Mudde wa ku Netherlands komweko. Mu 2004 iye analemba kuti populism imagawa dziko pawiri: anthu wamba osalakwa mbali iyi, akuluakulu akatangale mbali inayo, ndipo imati boma lizichita zofuna anthu wambawo basi. Koma ganizo limeneli palokha silinena kanthu za misonkho, ntchito kapena malire a dziko, choncho limayenda litakwera pamsana pa maganizo ena. N'chifukwa chake Hugo Chávez wa ku Venezuela ndi chipani cha Podemos ku Spain, omwe ndale zawo n'zotsutsana kotheratu ndi za Le Pen, amalowetsedwanso m'gulu lomweli.

Ena sagwirizana naye. Ernesto Laclau wa ku Argentina, m'buku lake la 2005, anati populism ndi njira yolumikizira madandaulo osiyanasiyana mpaka odandaulawo adzione ngati gulu limodzi, ndipo ingathe kulimbitsa demokalase. Jan-Werner Müller wa ku yunivesite ya Princeton amaona choopsa: mtsogoleri wotere amati iye yekha ndiye akuimira anthu enieni, otsutsana naye onse ndi adani. Benjamin Moffitt amayang'ana kachitidwe, monga kulankhula mosapsatira, kunyoza mwadala ndi kulengeza nthawi zonse kuti dziko lili pamoto.

Mkangano wakula kwambiri pa zomwe dzinali limaphimba. Aurelien Mondon ndi Aaron Winter, m'buku lawo la 2020, akuti atolankhani ndi akatswiri akamathawa mawu oti tsankho n'kumangoti populism, amapatsa zipanizi mphatso. Chipani chosankha mtundu chimayamba kumveka ngati liwu la anthu wamba, pomwe unyinji wa anthu wambawo amavotera zipani zina kapena savota n'komwe. Mlandu umagwera ovota osauka, pomwe eni ndalama ndi eni nyumba zofalitsa nkhani amene amakweza zipanizi sakhudzidwa.

Mudde mwiniwake amavomereza mbali ina ya dandauloli. M'buku lake la 2007 anatchula zinthu zitatu zomwe zipanizi zimatsamira: populism, kukonda ulamuliro wa dzanja lolimba, ndi chikhulupiriro choti dziko ndi la eni nthaka okha. Chachitatuchi anati ndicho chachikulu. Dikishonale ya Cambridge itasankha populism kukhala mawu a chaka cha 2017, iye analemba mu The Guardian kuti oyenera ulemuwo anali nativism, dzina la chikhulupiriro chachitatucho.