Kodi mumadziwa? Chakudya cha akavalo ampikisano

Ngakhale kuti kavalo wampikisano amalemera pafupifupi makilogalamu 500, chifu chake n'chaching'ono moti chimadzadza ndi malita 8 mpaka 15 okha, ndipo n'chifukwa chake amapatsidwa chakudya chochepachepa kangapo patsiku. Kavalo wotere amadya pafupifupi makilogalamu 10 tsiku lililonse, ndipo gawo lalikulu liyenera kukhala udzu, umene umagayidwa ndi mabakiteriya okhala m'matumbo aakulu.

Mbewu monga oats, balere ndi chimanga zimapatsa kavalo mphamvu zothamangira mwaliwiro, koma zikachuluka, sitachi, yemwe ndi ufa wopatsa mphamvu wa m'mbewuzo, amasasa m'matumbo n'kuyambitsa kupotokola kwa m'mimba, vuto loopsa kwambiri popeza kavalo satha kusanza.

Pa mipikisano ya mtunda wautali, monga Tevis Cup wa ku California wa makilomita 160, eni akavalo amathira mafuta ochokera ku zomera m'chakudya chifukwa mphamvu zake zimaposa za sitachi kawiri, komanso amawonjezera mchere pobwezeretsa umene umatayika m'thukuta, lomwe limafika malita 10 pa ola limodzi kukatentha.