Asilikali a Keyala Akakumana ku Zomba

Munthu wolowa m'tauni ya Zomba kuchokera ku Blantyre amaona nsanja yaitali ya njerwa pafupi ndi Cobbe Barracks. Inamangidwa pokumbukira asilikali a King's African Rifles, amene makolo athu ankawatcha a Keyala, omwe anatsala pa nkhondo ya Chiwaya ya 1914 mpaka 1918. Chapafupi pomwepo anamangaponso nyumba zosungiramo asilikali okalamba.

Nkhondo yachiwiri ya 1939 mpaka 1945 inatenganso anyamata a dziko lino nkuwapititsa kutali. Ena anamenya ku Abyssinia, ena ku Madagascar mu 1942. Koma dzina limene akuluakulu ankalitchula motsitsa mawu ndi la Burma, dziko limene lero likutchedwa Myanmar. Kumeneko mu 1944 anayenda m'chigwa cha Kabaw mvula ili pamsana, m'matope ndi m'nkhalango, malungo akugwetsa anthu monga zipolopolo za Ajapani, kufikira anafika pa mtsinje wa Chindwin.

Atabwerera kumudzi ambiri anangoti chete. Anagwira khasu, anakwatira, ena nkusankhidwa kukhala akulu a mpingo. Ife ana tinkakonda kumva za sitima ya pamadzi ndi za mpunga wa ku Ceylon, ndipo zimenezo ankatiuza mosavuta. Za mnzawo amene anamukwirira m'mbali mwa njira popanda nyimbo kapena mwambo wa maliro, sankanena. Akanauza yani? Mayi a m'nyumba sanaione Burma, ngakhale abusa amene.

Nchifukwa chake Sabata lachiwiri la Novembala linali tsiku lalikulu kwa iwo. Ankavala jekete, nkumangirira mamendulo pachifuwa, ndi kusonkhana pa nsanja ija. Ikakwana 11 koloko lipenga linkalira, anthu onse nkukhala chete mphindi ziwiri, kenaka nkuika nkhata za maluwa. Koma kwa ine chachikulu chinkachitika mwambo utatha, nkhalamba ziwiri zikazindikirana pakati pa khamu, nkugwirana chanza nthawi yaitali osalekana. Ankafunsana za auje ndi auje, amene ali moyo ndi amene anatisiya. Ankaseka za sajeni waukali, mwina nkulira pang'ono, popanda wochita manyazi, pakuti aliyense ankadziwa chimene mnzake anaona. Yoswa naye anaimika miyala 12 ku Giligala kuti ana adzafunse tanthauzo lake.

Mwambowu ukuchitikabe chaka ndi chaka, koma a ku Burma atsala owerengeka, popeza mnyamata amene anali ndi zaka 18 mu 1944 anabadwa mu 1926. Anzawo owamvetsa anatha. Achinyamata, ngati m'nyumba mwanu muli mendulo yosungidwa m'sutikesi, kapena agogo amene anaivala akadali moyo, pitani mukakhale nawo pansi. Muwafunse dzina la mnzawo amene sanabwerere, ndipo mulilembe.