Ndalama Zimene Zinaposa Zinzake Zonse

Anthu agulirapo zinthu ndi mchere, mikanda, nsalu, zigoba za nkhono ngakhale mitanda ya mkuwa ngati imene inafukulidwa ku Ingombe Ilede m'dziko la Zambia. Koma pali ndalama zina zimene mbiri yake siiwalika chifukwa zinafika pamene zinzake sizinafikepo.

Makobidi akale kwambiri

Anasulidwa ku Lydia, kumadzulo kwa dziko lomwe lero ndi Turkey, cha m'ma 600 BC. Anali timibulu ta golide wosakanikirana ndi siliva, todindidwa mutu wa mkango. Chidindocho chinali mawu a mfumu otsimikiza kuti kam'buluko n'kokwanira, choncho wamalonda sankafunikanso kuyeza pa sikelo nthawi iliyonse.

Zolemera kwambiri

Pachilumba cha Yap m'nyanja ya Pacific, ndalama inali mwala wozungulira wobooka pakati. Miyalayi ankakaisema ku Palau, mtunda wa makilomita pafupifupi 400, n'kuiwolotsa panyanja. Ikuluikulu inkapitirira mamita atatu, ndipo ina inkalemera matani anayi. Mwala wotere sunkasuntha ukagulitsidwa. Unkakhala pomwepo m'mbali mwa njira, koma mudzi wonse unkadziwa kuti mwini wake tsopano ndi uje. Akuti wina unamira m'nyanja uli pa ulendo, komabe anthu anapitiriza kuuwerengera ngati chuma cha banja limene linkaubweretsa.

Zapepala zoyamba

Ku Sichuan m'dziko la China, makobidi anali achitsulo, olemetsa kunyamula. Amalonda anayamba kuwasungitsa kwa anzawo odalirika n'kumayenda ndi chikalata chokha. Mu 1024 boma la mafumu a Song linayamba kusindikiza lokha mapepalawa, otchedwa jiaozi. Marco Polo atafika ku China patapita zaka zoposa 200, anadabwa kuona anthu akugula katundu ndi mapepala opangidwa kuchokera ku makungwa a mtengo wa mabulosi.

Khobidi losanyamulika

Mu 1644 dziko la Sweden linasula chimphanthi cha mkuwa cholemera makilogalamu 19.7, ndipo chinali ndalama imodzi basi. Vutoli ndilo linachititsa Johan Palmstruch kutulutsa ndalama zapepala zoyamba ku Ulaya mu 1661, kudzera m'banki yake ya Stockholms Banco. Anasindikiza zambiri kuposa mkuwa umene anasunga, anthu atabwera kudzasinthitsa mapepala awo banki inagwa, iye n'kuponyedwa m'ndende.

Maziro ochuluka kwambiri

Apa palibe dziko loposa Hungary. Mu Julaye 1946 mitengo ya zinthu inkawirikiza kawiri pa maola pafupifupi 15 alionse, ndipo boma linatulutsa pepala la ndalama yawo ya pengő lomwe mtengo wake, poulemba m'manambala, ndi 1 wotsatidwa ndi maziro 20. Zimbabwe inabwera pambuyo pake ndi pepala la madola 100 thililiyoni mu Januwale 2009. Abale athu okhala kumeneko amakumbukira bwino: malipiro olandira m'mawa ankalephera kugula buledi madzulo, ndipo penshoni imene okalamba anaikhetsera thukuta moyo wawo wonse inangosanduka mapepala.

Chaka chimene golide anatsazika

Pa 15 Ogasiti 1971, Pulezidenti Richard Nixon analetsa kusinthitsa dola ya America ndi golide. Chaka chomwecho n'chimenenso kwacha ya Malawi inayamba kugwira ntchito. Lero palibe dziko limene limalonjeza golide kwa munthu wobwera ndi ndalama yake yapepala. Ndalamayo imagula chifukwa boma lalamula ndipo anthu avomereza.

N'chifukwa chake udindo wa osindikiza ndalama ndi wolemera kuposa miyala ya ku Yap. Mlimi akagulitsa chimanga chake n'kulandira pepala, wakhulupirira kuti pofika nthawi yogula feteleza pepalalo lidzakhala likadali ndi mphamvu. Boma limene limasindikiza mosadziletsa limamubera mlimiyo osalowa n'komwe m'nyumba mwake, ndipo nzika zili ndi ufulu wonse wofunsa mmene ndalama yawo ikusamalidwira.