KUMENE NDALAMA ZA MAPHUNZIRO NDI ZA MPAMBA ZIPEZEKA

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, m'midzi yambiri mumveka nthungululu. Koma pakapita masabata owerengeka chimwemwe chija chisanduka nkhawa, pakuti mwana wasankhidwa kupita ku koleji ndipo pakhomo palibe ndalama ya fizi. Makolo ena agulitsa mbuzi, ena abwereketsa munda, ndipo ena angoleka, mwana nayamba maganyu monga anzake amene sanakhoze. Kawirikawiri izi zichitika chifukwa makolowo sadziwa kumene angakapemphe thandizo.

Choyamba chimene munthu ayenera kudziwa ndi kusiyana kwa mphatso ndi ngongole. Mphatso sibwezedwa, koma iperekedwa kwa anthu ochepa, makamaka okhoza bwino koposa. Thandizo lalikulu la Boma kwa ophunzira a m'makoleji ndi ngongole, ndipo ngongole ibwezedwa ngakhale ikhale ya Boma.

Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lokhazikitsa bungwe lotchedwa Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene likulu lake lili ku Lilongwe. Ntchito yake ndi kukongoza ophunzira osowa amene apeza kale malo pa sukulu ya ukachenjede. Masukulu otere a Boma ndi University of Malawi ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS yophunzitsa madotolo ndi anamwino, LUANAR yophunzitsa zaulimi ku Bunda, Mzuzu University, ndi MUST ku Thyolo. Ophunzira a m'masukulu a mipingo ndi a anthu wamba aloledwanso kufunsira, koma pokhapokha sukuluyo ndi maphunziro ake zitavomerezedwa ndi National Council for Higher Education. Apa makolo achenjere. Kuli masukulu ena a mayina okoma amene sanavomerezedwe, ndipo mwana wolowa kumeneko sangalandire ngongoleyi; komanso pepala limene adzatuluka nalo lingadzakanidwe ndi olemba ntchito.

Bungweli lilengeza chaka chilichonse nthawi yofunsira, ndipo masiku ano kufunsira kuchitika pa intaneti. Wofunsira afotokoza za pakhomo pawo: ngati makolo ali moyo, ntchito imene agwira, ndi amene anamlipirira fizi ku sekondale. Nkofunika kunena zoona zokhazokha ndi kusunga mapepala aumboni, monga kalata ya imfa ya kholo kapena kalata ya bungwe limene linamthandiza kale. Ndalama ya fizi ipita ku sukulu, sidzera m'manja mwa wophunzira. Ena alandiranso ya mabuku ndi yodyera. Si onse ofunsira amene alandira, pakuti osowa achuluka kuposa ndalama zilipo, kotero banja lisaleke kukonzekera palokha poyembekeza yankho.

Kubweza kuyamba pakapita zaka ziwiri munthu atamaliza maphunziro. Akalowa ntchito, lamulo lilamula womlemba ntchitoyo kuti adziwitse bungwe ndi kumadula ndalama pa malipiro ake mwezi ndi mwezi. Wodzilemba yekha ntchito ayenera kubweza yekha. Bungweli lilondolanso ngongole za anthu amene anakongola kuyambira 1985, ambiri a iwo tsopano ali akuluakulu m'maofesi. Nzachisoni kuti ena mwa iwo anakhala zaka zambiri osabweza, pamene ndalama zomwezo ndizo zikanalipirira mwana wa mlimi amene wakanidwa lero.

Njira yachiwiri ndi ya ntchito zamanja, ndipo iyi ndi imene anthu ambiri aipeputsa popanda chifukwa. Makolo ena aganiza kuti mwana wopita kukaphunzira ukalipentala kapena zomangamanga ndiye kuti walephera. Koma pa tsiku la msika aliyense aona yekha kuti wokonza njinga zamoto, wowotcherera zitsulo ndi telala sasowa anthu pakhomo, pamene ena a madigiri ali kuyendabe ndi makalata ofunsira ntchito.

Maphunziro amenewa ayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1999. Lamulolo linaika msonkho wa olemba ntchito: pa K100 iliyonse imene kampani ilipira antchito ake, ipereka K1 ku thumba la maphunziro a luso. Ndalama imeneyi ndiyo ichepetsa mtengo wa maphunziro kwa achinyamata osankhidwa kudzera ku TEVETA. Makoleji akuluakulu a ntchito zamanja ali ku Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Kuyambira 2015 Boma linayambanso kutsegula makoleji a m'madera, ndipo yoyamba inatsegulidwa ku Ngara m'boma la Karonga. Ubwino wa makoleji a m'madera ndi wakuti ali pafupi ndi midzi, kotero ena aphunzira akugona kwawo. Wophunzira agawa nthawi yake pakati pa kalasi ndi malo a ntchito, kumene agwira pansi pa mmisiri wodziwa. Atsikana alimbikitsidwa kulowa ngakhale ntchito zimene kale zinkatchedwa za amuna, monga zamagetsi ndi za mipope ya madzi.

Tsono luso lokha silikwanira. Kalipentala wopanda sowo ndi telala wopanda makina afanana ndi mlimi wopanda khasu. Apa ndipo pabwera nkhani ya mpamba.

Boma lili ndi thumba lokongoza anthu a mabizinesi ang'onoang'ono. Thumbali linayamba mu 2005 ndi dzina la MARDEF, mu 2014 linasanduka MEDF, ndipo mu 2020 linatchedwa NEEF. Likongoza anthu paokha ndiponso m'magulu. Mbiri yake ili ndi phunziro lowawa: ambiri analandira ndalama zimenezi ngati mphatso ya andale, osabweza, ndipo thumba linachepa mphamvu. Wolowa m'gulu adziwe kuti mnzake akathawa, otsala ndiwo afunsidwa. Nchifukwa chake gulu lipangidwe ndi anthu odziwana makhalidwe, osati ongokumana pa tsiku lolemba mayina.

Kwa woyamba kumene, nthawi zambiri banki mkhonde ndi yabwino koposa ngongole yaikulu. Ndalama zake nzochepa, koma munthu aphunziramo kusunga ndi kubweza pa nthawi yake, ndipo chiwongoladzanja chibwerera kwa eni gulu pa tsiku logawana. Mabungwe a SACCO agwira ntchito mofananako, koma ndi olembetsedwa ndipo akongoza zochulukirapo kwa amene asunga nawo. Katapila yekha ndiye woyenera kumthawa. Palibe bizinesi ya kumudzi imene ipindula msanga kotero kuti ingathe kubweza ndalama yowonjezeka ndi theka kapena yowirikiza pa mwezi umodzi.

Kulinso thandizo lochokera kunja. Kuyambira 2015 bungwe la Tony Elumelu, mkulu wa mabizinesi wa ku Nigeria, lisankha achinyamata a m'mayiko onse a mu Afirika, kuwaphunzitsa pa intaneti, ndi kupatsa opambana madola 5,000 a ku Amereka osabweza. Kufunsira kutsegulidwa pa 1 Januwale. Ofunsira ndi ochuluka zedi ndipo osankhidwa ndi ochepa, koma kuyesa sikulipiritsa. Kwa atsikana osowa, bungwe la CAMFED lakhala likulipira fizi m'maboma ena a dziko lino kuyambira 2009.

Onse okongoza afunsa mafunso amodzimodzi: munthu agulitsa chiyani, kwa yani, ndipo atsala ndi zingati. Mwachitsanzo, telala amene wasoka yunifolomu ayenera kuchotsa mtengo wa nsalu, ulusi, mabatani, lendi ya khonde ndi ulendo wokagula nsaluyo, ndipo chotsalacho ndiye phindu. Ambiri awerenga ndalama yonse ya m'thumba ngati phindu, nadya mpamba osadziwa. Kabuku ka sukulu kolembamo zolowa ndi zotuluka tsiku ndi tsiku, kakasungidwa miyezi isanu ndi umodzi, kalankhula kwa wokongoza koposa mawu ambiri.

Akuba nawonso adziwa nyengo imene anthu afuna thandizo. Aimba foni nanena kuti mwana wapeza malo kapena ngongole yatuluka, koma atumize kaye ndalama pa foni. Malo a sukulu ya Boma sagulidwa, ndipo ndalama iliyonse yofunika pofunsira ilipiridwa m'njira imene bungwe lalengeza, munthu nalandira risiti. Wokayika apite ku ofesi ya DC akafunse mkulu woona za achinyamata kapena woona za chisamaliro cha anthu.

Aphunzitsi apemphedwa kuthandiza ana amene anachoka m'manja mwawo, makamaka podzaza mafomu a pa intaneti kumene netiweki ivuta. Ayang'anenso kuti dzina ndi tsiku lobadwa za pa chiphaso cha unzika zifanane ndi za pa satifiketi ya MANEB. Zikasiyana, zikonzedwe msanga ku ofesi ya kalembera ya pa boma nthawi yofunsira isanafike.